Ka LED kanu kakupanga mizere pa video? Musathamangire kugula kena

Vuto ili likumabwerabwera kwa ojambula ma video ambiri kuno ku Zomba, kaya ndi aja a zikwati ndi zinkhoswe, kaya a makwaya, kaya ana a ku Chanco amene akupanga timafilimu tawo ku Chikanda uko. Munthu wagula ka LED kake, ka panel kapena ring light, wajambula tsiku lonse, pa ka screen ka kamera zimaoneka ngati zili bho, koma kufika kunyumba kutsegula pa laputopu akupeza mizere yakuda ikuyenda pankhope ya mkwatibwi, kapena chithunzi chonse chikungophethira. Basi pompo wagamula kuti light ndi yafeki, wayamba kusaka ndalama yogulira ina. Zimandiwawa zimenezi chifukwa ndalama ikuvuta kupeza, ndipo nthawi zambiri light yatsopanoyo imakapanganso zomwezo, poti vutolo silinali mu light.

Nde tiyeni tione bwinobwino. Chinthu choyamba, musanakhudze setting ina iliyonse, pezani kaye kuti amene akuphethira ndani. M'chipinda momwe mukujambulamo nthawi zambiri mumakhala magetsi amitundu iwiri kapena itatu, ka LED kanu, mababu a kudenga, mwina ndi kuwala kolowera pawindo. Zimitsani mababu onse a m'chipindamo musiye ka LED kanu kokha, mujambule masekondi khumi. Kenako zimitsani kanuko muyatse a kudenga okha, mujambulenso. Muonere pa screen yaikulu, osati ka pa kamera. Apa mudziwiratu komwe kuli vuto, ndipo ndikuuzeni, m'maholo ambiri ndi m'matchalitchi mudzapeza kuti ndi ma tube aja kapena ma energy saver a kudenga amene akukuonongerani ntchito, ka light kanu kalibe mlandu.

Zikakhala kuti ndi mababu a kudenga

Magetsi a ESCOM ndi a 230V pa 50Hz. Tanthauzo lake ndi loti mphamvu yake imapita uku ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndiye babu lotchipa lopanda zosefera zabwino mkati limawala ndi kuzilala ka 100 pa sekondi imodzi. Diso lathu siliona, koma kamera imaona. Komanso makamera athuwa, foni ndi ma mirrorless omwe, sajambula chithunzi chonse kamodzi, amayamba pamwamba kutsika mzere ndi mzere ngati munthu akulima m'munda, ndiye mizere ina imajambulidwa babu likuwala ina babu litazilala. Mizere yakuda mukuyionayo gwero lake ndi limeneli.

Mankhwala ake ndi shutter speed, kutanthauza nthawi imene kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse. Ikani pa 1/50 kapena 1/100, basi. Pa 1/100 mzere uliwonse wa chithunzi umalandira kuphethira kumodzi kwathunthu, pa 1/50 umalandira kuwiri, onse amafanana ndiye mizere imatha. Mukaika 1/60, 1/125, 1/250 muli m'madzi. Ndipo frame rate, nambala ya zithunzi zimene kamera ikujambula pa sekondi (fps), ikhale 25 kapena 50. Apa mpamene ambiri akugwera chifukwa makamera ambiri amene tikugula ndi akaunjika, ena achokera ku America kumene magetsi awo ndi a 60Hz, amabwera ali pa NTSC, dongosolo la video la kumeneko, mukalowa mu menu mumangoona 24, 30 ndi 60. Fufuzani pamene alemba video system kapena NTSC/PAL selector musinthe ikhale PAL, yogwirizana ndi magetsi a 50Hz, 25 ndi 50 ziwonekera. Koma chonde kopelani kaye zonse za mu memory card musanasinthe, makamera ena amakuuzani kuti mufomate card mukangosintha, musadzataye ntchito ya kasitomala.

Pa foni ndi povutirapo pang'ono chifukwa pafupifupi foni iliyonse imabwera ili pa 30fps ndipo shutter imadzisankhira yokha. Kukawala kwambiri foni imathamangitsa shutter kupitirira 1/100, mizere nkutulukira, nchifukwa chake ena amadabwa kuti ndaonjezera light koma zafika poipa. Amene muli ndi iPhone lowani ku Settings, Camera, Record Video, muyatse Show PAL Formats, mupeza 25fps. A Android onani ngati kamera yanu ili ndi pro video kapena manual, muike shutter nokha. Ngati mulibe, app ya Open Camera ndi yaulere ndipo ili ndi setting ya anti-banding pomwe mungasankhe 50Hz, palinso Blackmagic Camera ya mafoni amene amaikwanitsa. Ngakhale foni itakakamira pa 30fps, mukakwanitsa kumanga shutter pa 1/50 kapena 1/100 mizere ija imachoka ndithu.

Slow motion ndiye musamayiyese dala pansi pa mababu a mu holo. Pa 120fps shutter siingatsike kufika 1/100, palibe chomwe mungachite. Ngati mukufuna ka slow motion ka anthu akuponya ndalama pa perekaniperekani, pemphani azimitse ma tube ali pafupi ndi pamene pakuvinidwapo muwalitse ndi ma LED anu a batire, kapena ijambuleni 50fps muchedwetse pokonza.

Zikakhala kuti ndi ka LED kanu komwe

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ambiri sadziwa. Ma LED otchipa ambiri mukamachepetsa kuwala ndi ka knob kaja sikuti mphamvu ikuchepadi ayi, chimene chikuchitika nchakuti light ikuyaka ndi kuzima mwachangu kwambiri, mukachepetsa kwambiri nthawi yozima imatalika kuposa yoyaka. Njira imeneyi amaitcha PWM. Ma light odula amapanganso zimenezi ena, koma mothamanga kwambiri moti kamera siiona kanthu. Otchipawa ena amachedwa, nde kamera imagwira. Chizindikiro chake nchosavuta, mizere yake imakhala ing'onoing'ono yothithikana, yambiri, osati ikuluikulu iwiri itatu ngati ya mababu a kudenga, ndipo imakula mukachepetsa kuwala. Yesani chonchi, ikani light pa 100, jambulani khoma loyera, kenako pa 50, kenako pa 10. Mukaona kuti pa 100 pali poyera koma pa 10 pali mizere, mwaupeza.

Light yotereyi musaitaye. Ingoyatsani pa 100 nthawi zonse, kuwalako muchepetse mwa njira zina. Isunthireni kumbuyo, paja mukatalikitsa light kawiri kuwala kofika pa munthu kumatsala gawo limodzi mwa anayi, nde kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri mwachepetsa kale kwambiri. Kapena ikani nsalu yoyera patsogolo pake, kapena muilozetse kukhoma kuwala kubwerere. Zonsezi zimapangitsanso kuti nkhope ioneke bwino kuposa kuimenya light mwachindunji, tikambanso m'munsimu. Komanso shutter yochedwa ngati 1/50 imabisa PWM kuposa yothamanga, ndiye musakweze shutter chisawawa.

Pogula, ngati muli ku Limbe kapena kwa aliyense wogulitsa kuno, musachite manyazi. Muuzeni achimwene tayatsani, ichepetseni mpaka pansi, inu mutulutse foni muike pa slow motion muloze pa light. Ikamaphethira pa screen mwadziwa kuti ndi ya mtundu uja. Wogulitsa wokana kuti muyese, musiyeni ndi katundu wake.

Tsopano pali kuphethira kwina kosakhala mizere, light imangozilala nkuwalanso, kapena kuzima kaye sekondi imodzi. Kumeneko ndi njala ya moto, light siikukhuta. Ma ring light ndi tima panel ta USB timadya mwina 10W, pa 5V ndiye kuti tikufuna 2A yathunthu. Mukailumikiza pa USB ya laputopu kapena pa kachaja kakale ka 1A, siingakwane. Chingwenso chimapanga zambiri, zingwe zopyapyala zija zogula pa msika zimataya moto panjira makamaka zikakhala zazitali. Sinthani chingwe muike chachifupi chonenepa muone, nthawi zambiri vuto limathera pomwepo. Gwedezaninso pang'ono pamene chingwe chalowera, ngati light ikuphethira mukagwedeza ndiye kuti polowera pagwedera, apo ndi pa okonza mafoni, amawotcherera ndi ndalama yochepa. Power bank zinanso zili ndi khalidwe loti zikaona kuti chinthu chikukoka moto wochepa kwambiri zimadzizimitsa zokha poganiza kuti foni yadzadza, nde mukachepetsa ring light mpaka pansi mumangoona yazima. Kwezani kuwala pang'ono isiya.

Za mabatire

Funso loti batire ikutheranji msanga limabwera pafupipafupi, ndipo yankho lake ndi masamu ochepa chabe. Ma panel ambiri a Neewer, Godox, Yongnuo ndi ena otero amagwiritsa mabatire a mtundu wa NP-F, aja anayamba ndi Sony. Alipo aang'ono NP-F550, apakati NP-F750 ndi aakulu NP-F970, onse ndi a 7.2V kapena 7.4V. Tengani ma volt muchulukitse ndi ma amp hour mupeza ma watt hour. Ka F550 kolembedwa 2200mAh, kutanthauza 2.2 amp hour, ndi pafupifupi 16Wh, ndiye pa light ya 15W yoyaka pa 100 ndi ola limodzi basi, mwinanso osakwana. Sikuti kaonongeka, mphamvu yake ndi yomweyo. F970 ya 6600mAh ndi pafupifupi 47Wh, pa light yomweyo ikupatsani maola atatu. Amene amakupatsani light ndi ka F550 kamodzi mu bokosi sanakunamizeni, koma reception ya ukwati kuyamba 2 koloko mpaka kuda simungaimalize nako.

Power bank nayonso chimodzimodzi. Ija yolembedwa 10000mAh, nambalayo ndi ya pa 3.7V ya mkati, ndiye ndi 37Wh, ndipo ina imatayika posintha kupita ku 5V. Pa light ya 10W yembekezerani maola atatu kapena kuchepera apo. Ikamatha mu mphindi 40 ndiye kuti nambala yolembedwayo ndi yabodza kapena yakalamba. Mabatire abodza amadziwika ndi kupepuka, nyamulani awiri ofanana kukula m'manja mumva kusiyana, wina mkati mwake muli theka mphepo. Ine ndimalemba manambala pa batire iliyonse ndi marker pa ka selotepu, ndikaona kuti nambala yakuti ikumatha msanga kuposa anzake ndimaichotsa pa ntchito zolipidwa. Batire ikangoyamba kufufuma isiyeni pompo, musaichajenso, imatha kuyaka moto. Ndipo musamaisiye itatheratu kwa miyezi, isungeni ili ndi moto pafupifupi theka.

Ma light ena batire ikatsala pang'ono amayamba kuphethira kapena kuzilala pang'onopang'ono osakuuzani, inu mukadzaona video mupeza koyambirira kukuwala bwino kumapeto kwada. Pa interview yaitali yambani ndi batire yodzadza, kapena lumikizani adapter.

Pa adapter pomwepa samalani kwambiri. Light yambiri yapsa chifukwa choti adapter yake yasowa munthu nkungotola ina iliyonse yolowa pa bowo. Werengani kumbuyo kwa light, alemba ma volt amene imafuna. Ma volt afanane ndendende, ma amp a adapter akhale ofanana kapena ochulukirapo, ndipo onani kachizindikiro kosonyeza ngati pakati pa pulagi ndi positive kapena negative. Katundu wochokera ku America onani ngati adapter yalembedwa 100-240V, ikakhala ya 110V kapena 120V yokha ipsa mukangoilowetsa pa soketi yathu. Wochokera ku Joni kapena ku China ma volt alibe vuto, koma mapulagi ake ndi osiyana ndi athu a mano atatu amakona aja, ndipo tima adaptor tosinthira pulagi totchipa timagwedera, nako ndi kuphethira kwina kumene anthu amanamizira light. Bola kudula pulagiyo wodziwa zamagetsi akuikireni yathu.

Magetsi akathima

Pano mpamene masamu a 1/50 aja amasokonekera. Holo ikayatsa jenereta, makamaka tating'ono tija, siimakhala pa 50Hz yeniyeni, imakwera ndi kutsika malinga ndi katundu amene ikukoka. DJ akakweza ma speaker mumamva injini ikulira mosintha, nthawi yomweyo ma Hz asintha, mizere yabwerera ngakhale shutter ili pa 1/50, imangoyenda pang'onopang'ono. Makamera ena atsopano amalola kusuntha shutter pang'onopang'ono ndi ma decimal mpaka mizere ithe, koma jenereta ikasinthanso muyambiranso. Chimene chimathandiza ndi kupanga kuti ma LED anu a batire akhale amphamvu pankhope kuposa mababu a holo, muwayandikitse, mababu a kudenga angokhala owalitsa kumbuyo. Mizere ikakhala kukhoma kokha anthu saiona kwenikweni, ikakhala pankhope ndiye aliyense aiona.

Ma inverter otchipa a sola, aja olembedwa modified sine wave, nawonso amapangitsa ma adapter ena kulira nziii komanso kutentha. Ngati kwanu muli pa sola, bola muzichaja mabatire masana nkumajambulira mabatirewo. Ndipo magetsi akathima zulani ma light ndi machaja pa soketi, pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu. Nyengo ya mvula ndi ziphaliwali za pansi pa phiri pano ndiye musasiye chilichonse pa soketi mukamachoka.

Nkhope zobiriwira kapena zotuwa

Ili ndi vuto lachiwiri lalikulu ndipo limandikhudza kwambiri, chifukwa khungu lathu lakudali ndi lokongola zedi likawalitsidwa bwino, koma ma video ambiri akuonetsa anthu ngati odwala, otuwa, ena obiriwira m'masaya. Zoyambitsa zilipo zingapo ndipo zimasakanikirana.

China ndi light yomwe. LED yotchipa kwambiri siitulutsa mitundu yonse mofanana, kufiira kumachepa kubiriwira nkuchuluka, pomwe khungu lakuda kukongola kwake kuli mu kufiirira komweko. Pa bokosi amalemba CRI, nambala yosonyeza mmene light imaonetsera mitundu molondola, yabwino pa video ndi 95 kupita m'mwamba, mababu wamba a m'nyumba ambiri ali cha m'ma 80. Koma nambala ya pa bokosi aliyense akhoza kulemba, nde yesani nokha, jambulani dzanja lanu pafupi ndi windo masana, kenako mujambulenso usiku ndi light yanu yokha, muyerekeze. Mukaikapo tomato wakupsa pambali muona msanga, pa light yoipa amaoneka wofwifwa.

Koma kawirikawiri ndi white balance, setting youza kamera kuti choyera chenicheni ndi chiti. Mukaisiya pa auto kamera imangosinthasintha mtundu munthu akasuntha kapena wovala chitenje chowala akadutsa. Tengani pepala loyera, muliike pomwe padzakhale nkhope ya munthuyo, light ili choyaka, mupange custom white balance. Custom imaposa kungoika nambala ya Kelvin (K, muyeso wa mtundu wa kuwala) chifukwa imachotsanso kubiriwira kuja, pomwe Kelvin imangosuntha pakati pa chikasu ndi buluu. Pa foni ngati palibe custom, gwiritsani ma app ndatchula aja.

Ndiye pali kusakaniza magetsi. Kuwala kwa dzuwa kuli cha pa 5600K, mababu achikasu aja ali cha pa 3200K kapena kutsikirapo. Munthu akakhala pakati, mbali ina windo mbali ina babu lachikasu, tsaya lina likhala la buluu lina la orenji ndipo palibe white balance imene ingakonze zonse ziwiri. Sankhani chimodzi. Masana ikani light yanu pa 5600 igwirizane ndi windo, mababu a m'nyumba muzimitse. Usiku mu holo ya mababu achikasu itsitseni igwirizane nawo. Ma light a bi-colour, aja osinthika pakati pa chikasu ndi kuyera, amathandiza apa, koma dziwani kuti ambiri otchipa ali ndi timababu theka tachikasu theka toyera, mukapita kumapeto kwenikweni 3200 kapena 5600 theka lokha ndi limene likuyaka, nde musadabwe kuti kuwala kwachepa. Amawala kwambiri pakatikati.

Khoma nalonso. Nyumba zathu zambiri mkati ndi za penti wa cream, wobiriwira kapena wa buluu, mukalozetsa light pa khoma lotero kuwala kobwerera kumatenga mtundu wa pentiyo nkuupaka pankhope. Ndipo m'nyumba yopanda siling'i, malata okhaokha, kulozetsa light kudenga nkungotaya batire. Pezani nsalu yoyera ya pabedi muipachike, kapena katoni yaikulu muimate mapepala oyera, muzilozetsa pamenepo.

Kunyezimira pachipumi ndi mithunzi yoyipa

Ka panel kakang'ono koikidwa pamwamba pa kamera nkumenya munthu pamaso kamapanga kadontho kowala pachipumi ndi pamphuno, kwinako kuli bii, kumbuyo chimthunzi pakhoma. Anthu amati light ndi yofooka nkumafuna yamphamvu, koma vuto ndi kukula kwake osati mphamvu. Khungu lakuda limabweza kuwala, limaonetsa chinthu chimene chikuliwalitsa, ndiye chowalitsacho chikakhala chachikulu kunyezimirako kumayala bwino pankhope yonse, chikakhala kakang'ono kamangopanga kadontho. Chotsani light pa kamera, muiike pambali pang'ono ndi pamwamba pa maso a munthuyo, patsogolo pake mupachike nsalu yoyera yopyapyala motalikirako ndi light kuti nsalu yonseyo iwale. Nsaluyo iyandikire munthu momwe mungathere osalowa mu chithunzi. Ambulera yoyera imagwiranso ntchito. Mbali inayo ikani katoni yoyera ija ibweze kuwala. Munthuyo mumuchotse kukhoma abwere kutsogolo mita imodzi kapena iwiri, mthunzi ugwera pansi. Ndi light imodzi yomweyo mudzadabwa kusiyana kwake.

Ngati muli ndi ma light amphamvu a COB, aja a babu limodzi lalikulu, ngati Godox SL60W, nsalu isagunde kutsogolo kwake, pamatentha, ndipo kumbukirani kuchotsa kachivindikiro kapulasitiki koteteza kaja musanayatse, kamasungunuka.

Wovala magalasi ndi ring light sizigwirizana, muona mawilo awiri m'maso mwake. Ichotseni kutsogolo ipite pambali ndi m'mwamba mpaka mawilowo atuluke. Ndipo pa ukwati pomwe mkwatibwi wavala zoyera, auto exposure, ija kamera imadzisankhira yokha kuwala kwa chithunzi, imaona diresi nkudetsa chithunzi chonse, nkhope nkusowa. Yesani exposure pankhope muiloke, diresi likawala mopitirira muchepetse pang'ono chabe.

Kutentha, phokoso ndi tizilombo

Mwezi wa October ndi November kukatentha, mu holo ya malata modzadza anthu, ma LED ena amadzichepetsa okha kuwala kapena kuzima kuti asapse. Musatseke mabowo a kumbuyo ndi nsalu kapena selotepu, ndipo fumbi likadzadza m'mabowomo lichotseni ndi kaburashi kouma. Pa nthawi ya malankhulidwe ataliatali amene simukujambula, zimitsani ipume, batire nayo ipulumuka.

Phokoso la nziii mu audio nthawi zambiri limachokera ku adapter ya light, makamaka chingwe cha mic chikagona limodzi ndi chingwe cha magetsi, kapena kamera ndi light zili pa extension imodzi. Kuyesa kwake, valani ma headphone muzimitse light, phokoso likatha mwadziwa. Siyanitsani zingwezo, kapena chimodzi chipite pa batire. Ma light okhala ndi fan asakhale pafupi ndi mic, bola kuyandikitsa mic pakamwa pa munthu.

Amene mumajambula panja usiku mvula zoyamba zikagwa mukudziwa za ngumbi. Zimathamangira light, kudutsa patsogolo pa lens, kugwera oyimba m'makolala, shot yonse kuonongeka. Chimene ndimachita ndi kuika light ina yowala kwambiri, yoyera, chapatali kunja kwa chithunzi, ndiyatse imeneyo kaye kwa kanthawi zisonkhane kumeneko, yojambulira ndiziyatsa pokhapo tikuyamba take. Kuika yojambulirayo ku chikasu kumathandizanso pang'ono poti tizilombo tambiri timakopeka kwambiri ndi kuwala kopita ku buluu. Mukaika beseni la madzi pansi pa light yakutaliyo ana a pamalopo akuthokozani.

Chinyezi cha Zomba nachonso musachiderere. Mukajambula ku Chawe m'nkhungu muja kapena cha ku Mulunguzi Dam, zida zimanyowa osaonekera. Mukafika kunyumba musatsekere mu bag pompo, tulutsani zonse, chotsani mabatire, ziume kaye. Tizitsulo togunda batire tikachita dzimbiri light imayamba kuzimazima yokha ngakhale batire ili yodzadza, pukutani ndi kansalu konyowetsa spirit pang'ono muone ngati siisiya. Timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato tija musataye, ponyani mu bag ya zida.

Nanga mpofunika kugula ina liti? Ngati ikuphethira ili pa 100, pa batire yodzadza imene mukudziwa kuti ndi yabwino, mababu ena onse atazima, shutter ili pa 1/50, ndiye kuti driver, kabolodi ka mkati koyendetsa moto, yafooka, pitani nayo kwa okonza ma TV ayang'ane ma capacitor musanaitaye. Ngati timababu tina tazima mzere wonse kapena tasanduka buluu, imeneyo yatha, isiyeni ikhale yowalitsira kumbuyo. Ndipo ngati mwapanga custom white balance koma khungu likuonekabe lofwifwa poyerekeza ndi la pawindo, light imeneyo siya nkhope, muziigwiritsa pa khoma ndi pa background, ndalama yanu muisungire light imodzi ya CRI yabwino ndi F970 ziwiri, osati tiwiri titatu tina tofanana ndi komweko.